Mtsempha Umene Unatenga Amayi Ako

Nkolokosa,
Lachisanu masana.

Tiyamike mwana wanga,

Pamene ndikulemba kalatayi, iwe wagwada pamkeka m'nyumbamo, amayi a kutchalitchi akukulangiza za banja limene ukulowa mawa. Ine ndakhala kuseri kwa nyumba, buku lili pamwendo, chifukwa Mayi Namalomba, amene akutsogolera chilangizochi, andibweza pakhomo. Anati, "Adokotala, inu dikirani kaye panja. Muno ndi mwa okwatiwa. Mukadzapeza wanu tidzakutumizirani uthenga." Amayi onse anaseka. Ndinawayankha kuti ine ndine mng'ono wa malemu amayi ako, ndipo mwambo womwewo umene ukunditulutsa ndi umene umati ndine mayi ako. Iwo anati, "Umayi wa m'mabukuwo mudzautionetsa mawa pa perekaniperekani." Chitseko chinatsekedwa.

Sindinawakwiyire kwenikweni. Zimene akukuuzazo uzimve, zambiri ndi zabwino. Koma pali chinthu chimodzi chimene palibe ndi mmodzi yemwe m'chipindamo angakuuze, ndipo ndi chimene chingakusunge wamoyo. Ndikudziwa kuti ndakuposa zaka zisanu zokha, kuti tinakulira pabedi limodzi tikulimbirana bulangete, ndiponso kuti akuluakulu akachoka umangonditchula kuti Feliya. Lero lokha werenga kalatayi ngati yochokera kwa mayi ako.

Unauzidwa kuti amayi ako anamwalira ndi BP ya mimba. Si zoona zonse. Anamwalira chifukwa mtsempha waukulu wotuluka mumtima unang'ambika. Kufooka kwa mtsempha umenewu kumayenda m'magazi a banja lathu, ine ndili nako, ndipo mwina iwenso uli nako. Ndakukonzera malo oti akakuyeze Lolemba m'mawa, usananyamuke ulendo wa ku Karonga Lachitatu ndi mwamuna wako Dalitso. Zonse zimene ndilembe m'munsimu ndi zoti ukafike pa Lolemba limenelo, ndiponso kuti usadzabise mimba ngakhale sabata imodzi.

Ndiyambe ndi agogo ako aamuna, bambo anga, amene anatisiya iwe uli ndi zaka zinayi. Makolo awo anachokera kutsidya kwa Muloza, ndipo iwo anakulira ku Limbe, kumene ankamata matayala pafupi ndi pokwerera minibasi. Anali aatali moti oitanira minibasi ankawatchula kuti a Mlongoti. Zala zawo zinali zazitali ngati zakozo. Ndili mwana ndinkawapititsira chakudya masana, ndipo tsiku lina ndinawamva akukangana ndi dalaivala amene tayala lake linali ndi chotupa m'mbali. Dalaivalayo anati, "Madala, ingopopani. Silinabooke ili." Iwo anagogoda chotupacho ndi sipanala nati, "Achimwene, ili lafa kale. Ulusi wa m'kati waduka. Mphepo ikungodikira phompho limodzi." Patapita miyezi ingapo, akunyamula wilo la lole, anagwira pachifuwa nakhala pansi. Pofika kuchipatala anali atapita. Tinauzidwa kuti mtima unaima, ndipo palibe amene anafunsa kuti unaimiranji. Munthu amene ankadziwa ulusi wa tayala lililonse mu Limbe sankadziwa za ulusi wa m'chifuwa chake.

Tsopano mvetsera, chifukwa ndikufuna udziwe thupi lako, osangoliopa. Mtsempha ndikunenawu madokotala amautcha aota. Umatuluka pamwamba pa mtima, kukhota ngati ndodo ya ambulera, kenako kutsika m'mbali mwa fupa la msana mpaka m'mimba. Magazi onse a m'thupi amadutsa m'menemo. Khoma lake ndi la magawo atatu osanjikizana. Gawo lam'kati ndi lopyapyala ndi losalala, kuti magazi aziyenda osakodwa. Lakunja ndi lolimba ngati chiguduli. Koma mphamvu yeniyeni ili pa gawo lapakati, lochindikala, lopangidwa ndi timaulusi totanuka ngati mphira, toyalidwa mizeremizere, ndipo pakati pa mzere ndi mzere pali timinofu tamoyo timene timasamalira ulusiwo. Mtima ukagunda, khomalo limatanuka kulandira magazi, kenako limabwerera n'kuwakankhira kutsogolo. Limatero usana ndi usiku, kuyambira munthu asanabadwe.

Kwa anthu ambiri ulusi umenewu umafooka ndi ukalamba, ndi BP yosasamalidwa, kapena ndi fodya. Kwa ife umabadwa wofooka. Umaduka pang'onopang'ono, popanda ululu uliwonse. Ukaduka, pamachitika chimodzi mwa zinthu ziwiri, kapena zonse. Mtsempha umafufuma ngati tayala la dalaivala uja, ndipo ukamakula m'pamenenso khoma limakokeka kwambiri, choncho umapitirira kukula. Kapena gawo lam'kati limang'ambika pang'ono, magazi n'kulowa mwamphamvu m'gawo lapakati lofookalo, n'kulipatula pawiri, kudzitsegulira njira yabodza m'kati mwa khoma. Njira imeneyi ikaboolera kunja, magazi amadzaza kathumba kokuta mtima, mtima n'kulephera kugunda. Izi n'zimene zinachitikira amayi ako.

Kulakwa kwanga koyamba ndi kumene kumandiwawa koposa. Linali Lamlungu, iwe uli kusukulu yogonera komweko. Ine ndinali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a udokotala, ndipo ndinali nditabwera kudzachapa zovala. Amayi ako anali ndi mimba ya miyezi isanu ndi itatu. Madzi anali atasiya m'mipopi, ndipo iwo ananyamula ndowa kuchokera kwa aneba. Atangoitula anaima chilili, dzanja pachifuwa. Anati, "Feliya, pali amene akung'amba nsalu m'kati mwangamu. Yayambira apa, ikupita kumsana, pakati pa mapewa." Ine, ndi nzeru zanga za zaka ziwiri, ndinaseka. Ndinati, "Achemwali, kumeneko ndi kutentha pamtima, amayi oyembekezera onse amatero. Mwadya mandasi ambiri kutchalitchi." Ndinawapatsa mapiritsi otafuna ndi kuwasisita msana. Anandikhulupirira chifukwa ndinali wa ku koleji. Tinakhala maola atatu. Atayamba thukuta lozizira m'pamene tinafuna galimoto, ndipo anamwalira tisanathe ola limodzi kuchipatala, pamodzi ndi mwana.

Sindingakunamize kuti tikanafulumira akanachira. Opaleshoni ya mtsempha umenewu ndi yaikulu, ndipo ambiri amakaipeza kunja kwa dziko lino. Koma BP ikanatsitsidwa, ndipo mwina mwana akanatulutsidwa wamoyo. Maola atatu aja ndinawadya ine. Choncho, mwana wanga, ululu wadzidzidzi wong'amba pachifuwa kapena pakati pa mapewa usadzaudikire kuti uone ngati upita. Usadzalole munthu aliyense, kaya ndi wa ku koleji, kaya ndi m'busa, kaya ndi apongozi, akuuze kuti ndi mpweya. Pita, ndipo ukafika nena mokweza kuti amayi anga anamwalira ndi kung'ambika kwa aota. Mawu amenewo amadzutsa dokotala pampando.

Koma tsoka la amayi ako silinayambe Lamlungu limenelo. Linayamba miyezi yambiri m'mbuyo, pamene anadziwa kuti ali ndi pakati nakhala chete. Ukudziwa mmene timachitira kuno. Mimba sitiilengeza, imadzilengeza yokha. Timaopa maso a anthu, timaopa kuti wina angaimange. Iwo anali ndi chifukwa chinanso: anali ndi zaka makumi anayi, mwana wamkulu ali ku sekondale, ndipo ankachita manyazi kukakhala pabenchi la sikelo pamodzi ndi atsikana a msinkhu wako. Anavala madiresi aakulu mpaka mwezi wachisanu ndi chimodzi. Ine ndinazindikira mwezi wachinayi, ndipo nditawafunsa anati, "Iwe, mwana wamng'ono safunsa zimenezo." Sindinawafunsenso. Ndimadziwika kuti ndine wolongolola, koma pamene kulongolola kunali kofunika ndinasunga ulemu.

Pa ichi sindigonja kwa wina aliyense, ngakhale amayi onse ali m'nyumbamo atandizinga. Kwa mkazi wa mtsempha wolimba, kubisa mimba kumamulanda chithandizo cha miyezi yoyamba. Kwa mkazi wa m'banja lathu kukhoza kumulanda moyo. Mimba imachulukitsa magazi m'thupi, mtima umagwira ntchito yoposa kale, ndipo thupi limafewetsa dala minyewa yake pokonzekera kubereka. Kufewa kumeneko kumafikanso pa khoma la aota. Khoma limene linali lofooka kale limakumana ndi katundu wochuluka panthawi imene lafewa kwambiri, makamaka m'miyezi yomaliza ndi m'masabata oyamba mwana atabadwa. Komanso ena mwa mankhwala oteteza mtsemphawu ndi oopsa kwa mwana wosabadwa, ndipo amafunika kusinthidwa mimba isanayambe. Dokotala sangasinthe mankhwala chifukwa cha mimba imene sanauzidwe. Ubisire aneba ngati ukufuna, ubisire anzako a kukwaya. Koma dokotala, Dalitso ndi ine, usadzatibisire. Ndipo ndikumva kuchokera pano amayi ali m'nyumbamo akukuuza kuti chaka chamawa akufuna adzanyamule mdzukulu. Uwavomere mwaulemu, koma mimba idikire kufikira utayezedwa ndi kumva chimene dokotala anganene.

Kulakwa kwanga kwina kunachitika pa maliro, ndipo ndikukuuza kuti usadzatengere kalankhulidwe kanga. Dokotala amene anatilandira anandiitanira pambali nanena kuti imfayo sinamuonekere ngati ya BP wamba, ndipo anapempha kuti thupi liyezedwe. Achibale anakana. Ena anali atayamba kale kunong'ona kuti azakhali ako a ku Nancholi, mlongo wa bambo ako, ndi amene anamanga mimbayo chifukwa cha mkangano wa malo. Ine ndinaimirira pakati pa akuluakulu, chitenje chili m'manja m'malo mokhala m'chiuno, ndi kuwauza kuti umbuli wawo ndi umene ukutimaliza. Amalume anga anati, "Mwanayu sukulu yamupenga. Mutulutseni." Ananditulutsadi. Ndinali ndi mfundo yoona, koma ndinaitaya ndi pakamwa panga.

Amene anapulumutsa nkhaniyo ndi bambo ako, munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu. Anadikira mpaka onse atatopa, kenako anati, "Akuluakulu, inu nomwe mwanena kuti mwambo sulola mayi kuikidwa ali ndi mwana m'mimba, kuti mwanayo achotsedwe kaye. Ine ndavomera. Ndikungopempha kuti ntchito imeneyo aigwire a kuchipatala, ndipo poti atsegula kale, aonenso chimene chamutenga mkazi wanga." Panalibe wotsutsa. Anadzera pakhomo la mwambo womwewo umene ine ndinkaumenya ndi mutu. Pepala limene likunena zoona za banja lathu tili nalo chifukwa cha kufatsa kwa bambo ako. Ukamalankhula ndi Dalitso ndi abale ake, udzalankhule ngati bambo ako. Koma usadzabwerere m'mbuyo, ngati ine.

Chaka chotsatira tinayamba kuphunzira za kusintha kwa ziwalo zodwala, ndipo ndinapempha mphunzitsi wathu kuti andionetse kachidutswa ka mtsempha wa amayi ako, kamene kanasungidwa pa kagalasi. Anandifunsa ngati ndalimba mtima. Poyamba anandionetsa khoma la munthu wabwinobwino pa makina okulitsa zinthu. Ulusi uja anali ataudaya wakuda, ndipo unkaoneka ngati mizere ya m'munda wolimidwa ndi mlimi waluso, yoyandikana, yosaduka kuchokera uku kufika uko. Kenako anaika ka amayi ako. Mizere inali yodukaduka, ngati munda umene madzi a mvula adutsamo. Timinofu tambiri tinali titafa, ndipo m'mipata yotsalayo munali timadamu ta zinthu zoterera ngati therere. Chapakati panali mng'alu wautali wodzaza magazi, njira yabodza ija. Mphunzitsiyo anati, "Kuwonongeka uku si kwa tsiku limodzi. Kwatenga zaka." Ndinayang'ana kufikira maso atachita chidima. Munalibe mankhwala a munthu m'menemo, munalibe dzanja la azakhali ako. Unali ulusi chabe, umene agogo ako anapatsira mwana wawo osadziwa, monga anamupatsira msinkhu ndi zala.

Ungaganize kuti nditaona zimenezo ndinathamangira kukayezetsa. Ayi. Mphunzitsi yemweyo anandiuza tsiku lomwelo kuti abale onse apafupi ayezedwe, ndipo ine, amene ndinatcha akuluakulu mbuli, ndinatha chaka chathunthu ndi miyezi ndikulambalala chipinda choyezeracho. Ndinkati ndili ndi mayeso. Zoona zake ndinkaopa. Tsiku limene ndinalowa, zonse zinatha m'mphindi zosakwana makumi atatu. Amakugoneka chammbali, amapaka mafuta ozizira pachifuwa, n'kuyendetsa kachipangizo kofanana ndi kamene amaunikira mimba. Palibe jakisoni, palibe mpeni. Anapeza kuti tsinde la aota wanga ndi lotambalala kuposa mmene liyenera kukhalira, koma silinafike poopsa. Ndimamwa piritsi limodzi tsiku lililonse lochepetsa mphamvu ya kugunda kwa mtima, amandiyeza chaka ndi chaka, ndipo sindinyamula zolemera. Anzanga a kuhositelo amati, "Abwana safuna ndowa, akudikira wantchito." Ndimaseka nawo. Ndili moyo, ndikumaliza sukulu chaka chino, ndipo ndatsimikiza mtima kuti ndidzakhala mmodzi wa anthu amene adzachititse kuti opaleshoni imeneyi isamafune pasipoti. Kudziwa sikunandichotsere kanthu, kupatula ndowa.

Iwe ukhoza kupezeka kuti ulibe vuto. Mwana wa kholo lotere akhoza kutengera kapena osatengera, mwayi wake ndi wofanana. Koma ndiwe wamtali kuposa atsikana onse a pa mzere wathu, magalasi ako ndi ochindikala kuyambira uli sitandade 3, ndipo mphete imene Dalitso anagula anachita kukaichepetsa kawiri chifukwa cha kuonda kwa zala zako. Zimenezi zimakonda kuyendera limodzi ndi kufooka kwa mtsemphaku; si umboni, koma ndi zifukwa zokwanira. Ngakhale atapeza kuti mtsempha wako uli bwino lero, udzafunika kuyezedwanso, makamaka ukadzafuna mwana. Ndipo akapeza kuti watambalala, si mapeto a banja kapena a ubereki. Alipo amayi otere amene amabereka bwinobwino, chifukwa madokotala anadziwa msanga, anawayang'anira mwezi ndi mwezi, nasankha malo ndi njira yoberekera nthawi ilipo. Kusiyana kwa iwo ndi amayi ako ndi kudziwa basi.

Kulakwa kwanga komaliza ndi kumene kwachititsa kuti uwerenge zimenezi lero, tsiku limodzi ukwati usanachitike, m'malo mwa zaka zitatu zapitazo. Bambo ako anasunga pepala lija m'sutikesi. Anandipempha kuti tidikire ulembe mayeso a Fomu 4. Utalemba anati tidikire zotsatira. Kenako kunabwera Dalitso, ndipo bambo ako anati, "Alamu, makolo a mnyamatayu, a ku Sunnyside aja, akamva kuti kuno kuli matenda a kumtundu, abweza mwana wawo. Tiyeni ukwati udutse." Ankalankhula mwa chikondi, ndipo ine ndinavomera chifukwa kunali kosavuta. Tinachita kwa iwe zomwe amayi ako anachita ndi mimba yawo: tinaveka choonadi diresi lalikulu. Dzulo ndinapeza bambo ako akupukuta nsapato zawo za pa ukwati, ndipo ndinawauza, modekha ulendo uno, kuti sindingakuperekeze kuguwa usakudziwa. Anapukuta nsapato imodzi nthawi yaitali, kenako anatsegula sutikesi nandipatsa pepalalo. Anati, "Lembani inuyo. Ine pakamwa pangakanike." Usawakwiyire. Ngati ukufuna wokwiyira, ndilipo ine.

Dalitso akubwera madzulo ano kudzasiya makireti a zakumwa. Utuluke naye kuseri kuno, umuwerengetse kalatayi kapena umuuze ndi mawu ako. Mwezi watha ndinakumana naye m'tauni ndipo ndinatsala pang'ono kumuuza ndekha, koma ndinazindikira kuti nkhaniyi ndi yako, si yanga. Ayenera kuidziwa asanalumbire, chifukwa mawa akanena kuti pa matenda ndi pa moyo, adziwe chimene akunena. Ndamuona mnyamata ameneyu zaka ziwiri. Ndinamuona atakudikira panja pa chipatala tsiku lonse pamene unadwala malungo, akudya chinangwa chootcha. Ndili ndi chikhulupiriro kuti funso lake loyamba likhala lakuti Lolemba tinyamuke nthawi yanji. Ngati ndalakwitsa, ngati angabwerere chifukwa cha mtsempha, ndi bwino abwerere lero pamene uli pakati pa abale ako, kusiyana ndi kudzabwerera ku Karonga uli ndi mimba ya miyezi isanu ndi itatu. Manyazi a makadi amene tagawa ndidzawasenza ine. Amenewo dokotala sanandiletse kunyamula.

Pali chinanso chaching'ono. Sabata yatha ndinakwera minibasi kupita ku Nancholi ndi khadi la ukwati wako. Azakhali ako akhala zaka zinayi osaponda pakhomo pano chifukwa cha mlandu umene ine ndinkadziwa kuti ndi wabodza. Ndinawafotokozera za ulusi uja. Anamvetsera mpaka kumapeto, nati, "Ndiye mwachita kudikira kuti ndikalambe?" Koma akubwera mawa. Ukawaona, uwagwadire pamaso pa anthu onse.

Nthungululu zayamba m'nyumbamo, ndiye kuti atsala pang'ono kukumasula. Mayi Namalomba angosuzumira pawindo kuti ndilowetse ndowa ya madzi osamba m'manja, ndipo ndawauza kuti atume wina. Akuti ophunzira ndi aulesi. Asiye anene.

Kalatayi ndiikulunga m'chitenje chobiriwira cha amayi ako, pamodzi ndi pepala la kuchipatala. Pepalalo ndi lako tsopano. Usaliike m'sutikesi. Liike m'buku lako la kuchipatala, ndipo dokotala aliyense amene adzakugwire dzanja aliwerenge. Lolemba nthawi ya 7 koloko udzandipeza pageti la chipatala. Ukadzachita mantha, ndidzayamba ndine kugona pabedipo kuti uone mtsempha wanga ukugunda. Ukapanda kubwera, ndidzakwera kupita ku Sunnyside, ndipo ndidzagogoda pageti la apongozi ako kufikira mzere wonse utatuluka. Ukundidziwa.

Agogo ako sankalola galimoto ya ulendo wautali kuchoka pamalo pawo asanayendetse dzanja pa tayala lililonse. Karonga ndi kutali, mwana wanga. Sindikulola kuti unyamuke tisanaone.

Ndine mayi ako wamng'ono,
Feliya